Mlendo ndi mame, mlatho ndi wa eni mzinda

Anzanga, sabata ino tiyeni tikangane pang'ono. Mukadzafika ku Dresden m'dziko la Germany, mudzayambire pa Brühlsche Terrasse, khonde lalitali loyang'ana mtsinje wa Elbe. Kumbuyo kwanu kuli tchalitchi cha Frauenkirche, kumanzere mlatho wa Augustus. Mudzatsike n'kuyenda chokwera mtsinje, m'dambo la udzu momwe anthu amapalasa njinga. Kutsogoloko mudzaona mlatho wachitsulo wa Waldschlösschen. Apa ndi pomwe alendo amayamba kudandaula kuti aaa, anawononga malo okongola.

Ine ndikuti eni mzinda sanalakwe.

Inde, bungwe la UNESCO linaika chigwa chimenechi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2004, n'kuchichotsapo mu 2009 chifukwa cha mlathowu. Koma mu 2005 anthu a ku Dresden anaponya voti, ndipo awiri mwa atatu alionse anati umangidwe. Unatsegulidwa mu 2013. Kodi inu wobwera ndi kamera masana amodzi mungapose munthu amene amawoloka Elbe m'mawa uliwonse kupita kuntchito?

Komanso "zakale" mukuzilirazo n'zakale zoona? Frauenkirche inagwa ndi mabomba mu February 1945, inakhala mulu wa miyala zaka zambirimbiri, ndipo anamaliza kuimanganso mu 2005. Tayang'anitsitsani khoma lake: miyala yakuda apo ndi apo ndiyo yakale, yoyerayo ndi yatsopano. Nawo mlatho wa Augustus, wakale anaugwetsa n'kumanga wina pakati pa 1907 ndi 1910 kuti sitima zizidutsa bwino. Ndiye kuti kukongola mukukujambulako kunabwera chifukwa anthu ankagwetsa ndi kumanga malinga ndi zosowa zawo. Nanga a lero aletsedwe bwanji?

Sindikunena kuti Waldschlösschen ndi wokongola, ayi. Unadula dambo pakati, zimenezo sindikana. Koma mu September 2024 mbali ina ya mlatho wa Carola, womwe unali pafupi ndi khonde lija, inagwera mumtsinje usiku. Mzinda unataya njira imodzi yowolokera. Tangoganizani kukanakhala kuti winayu anamuletsa kuti chithunzi chisaipe.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu mudzajambula, mudzakwera sitima madzulo, basi. Otsala adzafunabe kufika kuchipatala tsidya linalo. Choncho mukadzafika pa mlathowo musadzapotoze milomo. Mudzakwere pamwamba pake, muone anthu akuwoloka, kenako mudzandiuze ngati chikalata cha UNESCO chinawolotsapo munthu.