Mlonda wachoka pa Windows 10: a ku Namwera agwire mtengo wanji?

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft ya ku America idasiya kusamalira Windows 10, pulogalamu yaikulu imene yakhala ikuyendetsa makompyuta ochuluka padziko lapansi kuyambira mu July 2015. Tsikulo lidadutsa mwakachetechete m'dziko muno. Palibe kompyuta imene idazima, palibenso fayilo imene idasowa. Komatu kusinthaku n'kwakukulu, ndipo mtolo wake ukugwera kwambiri madera onga Namwera m'boma la Mangochi, kumene kompyuta yapakhomo nthawi zambiri imakhala yakaunjika.

Chimene chidatha patsikulo ndi chitetezo. Mwezi ndi mwezi Microsoft inkatumiza zigamba kudzera pa intaneti zotseka ming'alu imene mbava zimalowera m'kompyuta. Tsopano zigambazo zidaleka kubwera kwa aliyense amene sadalembetse mwapadera. Nyumba ikadalipo ndipo zitseko zikutseguka bwino lomwe, koma mlonda wapita. Mng'alu uliwonse umene upezeke kuyambira pano ukhala chomwecho wosatsekedwa.

Zotsatira za kusowa zigamba zidaoneka kale. Mu May 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry idatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko oposa 150 n'kumalamula dipo, mpaka zipatala zina za ku Britain zidabweza odwala. Chigamba chake Microsoft idali itachitulutsa miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo omwe adapwetekeka ndi amene sadachiike. Kuno kwathu, mu February 2024, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zidalowerera makina osindikizira ziphaso zoyendera ndipo zinkafuna dipo. Ngati makina a boma angagwidwe chotero, nanga laputopu ya mphunzitsi wa kumudzi?

Yankho la Microsoft ndi lakuti anthu asamukire ku Windows 11, imene idatuluka mu October 2021, ndipo kusamukako n'kwaulere kwa amene Windows 10 yawo ndi yovomerezeka. Vuto lagona pakuti pulogalamu yatsopanoyi imasankha makina. Imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osungira zinthu osachepera 64GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopanoko: ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena ya AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Mwachidule, makompyuta ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 sakuloledwa, ngakhale atakhala amphamvu bwanji.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufikira ku Namwera. Derali, limene lili pamsewu wochokera ku Mangochi boma kupita kuchipata cha Chiponde, ndi limodzi mwa madera amene achinyamata ake ambiri amakagwira ntchito ku South Africa. Katundu wotumizidwa kuchokera ku Joni sasowa mafoni ndi malaputopu, ndipo ena amagula makinawa m'mashopu a ku Limbe ndi Lilongwe amene amaoda akaunjika kunja. Ndi makina amenewa omwe aphunzitsi amalembera mayeso, ophunzira a m'makoleji amachitira ntchito zawo, ndipo anyamata a pamsika amapezera ndalama polemba makalata, kusindikiza zithunzi ndi kuthirira anthu nyimbo m'mamemori khadi. Kwa banja lotere kompyuta ndi khasu, si chinthu chosintha chifukwa choti kwatuluka china chatsopano.

Tsono chiopsezo chachikulu chili pamsika. Kampani yofufuza za malonda ya Canalys idayerekeza kumapeto kwa 2023 kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni akhoza kutayidwa chifukwa cholephera kulandira Windows 11. Makampani a m'maiko olemera akamachotsa makina otere m'maofesi mwawo, ena mwa makinawo amatsata njira yomwe zovala zakaunjika zimatsata. Adzafika kuno akuwala, mtengo wake uli wokopa, ndipo wogula wosadziwa adzayesa wachita mwayi pomwe wagula chinthu chimene mwini wake adachisiya chifukwa chitetezo chake chatha.

Ena anganene kuti nkhawayi ndi ya m'tauni, poti makompyuta ambiri a kumudzi salumikizidwa pa intaneti ndipo zigambazo sankazilandira n'kale. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Koma vayirasi imayendanso pa fulashi ndi memori khadi, zimene zimadutsa m'manja ambiri patsiku. Komanso masiku ano kulumikiza laputopu ku foni ya Airtel kapena TNM n'kwapafupi, ndipo munthu akangolowa kubanki kapena kutumiza chithunzi cha chiphaso chake cha unzika kudzera pamakina osatetezedwa, chuma chake ndi mbiri yake zili pambalambanda.

Mwini kompyuta ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndi ya amene makina awo akuloledwa, ndipo kudziwa kwake n'kosavuta: pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PC Health Check imanena ngati kompyuta ingalandire Windows 11. Oterewa asamuke, koma mwadongosolo. Mafayilo onse ofunika ayambe akopedwa pa fulashi kapena pena pake. Pulogalamuyo ndi yaikulu kuposa 5GB, choncho ndi bwino kuitenga kwa amisiri odalirika kusiyana ndi kumalizira bandulo panjira. Magetsi akhale otsimikizika, pakuti laputopu yakufa batire ikazima ntchito ili mkati ikhoza kukana kuyakanso bwino. Zinthu zikapanda kuyenda, monga pulinta yakale ikakana kugwira, pali masiku khumi obwerera ku Windows 10.

Njira yachiwiri ndi yogula nthawi. Microsoft idatsegula ndondomeko ya ESU yopereka zigamba kwa eni makompyuta apakhomo mpaka pa 13 October 2026. Mtengo wake ndi madola 30, amene mu 2025 adali ndalama zoposa K50 000 pamtengo wa kubanki, ndipo kulipira kunja n'kovuta m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja. Mwayi ulipo wolembetsa osalipira ngati munthu atsegula akaunti ya Microsoft n'kulola kuti makonzedwe a kompyuta yake azisungidwa kumeneko. Koma Windows yake iyenera kukhala yovomerezeka ndiponso ya mtundu womaliza wa 22H2, ndipo apa ndi pamene mapulogalamu ongothiridwa pamsika amagwera.

Njira yachitatu ndi kusiyana nayo Windows n'kutenga Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint. Mapulogalamuwa ndi aulere, amalandira zigamba, ndipo amathamanga bwino pamakina akale. Polemba makalata ndi kuwerengera ndalama pali LibreOffice. Chovuta chake n'chakuti amisiri oidziwa ndi ochepa kunja kwa mizinda, ndipo mapulogalamu ena amene ojambula ndi okonza nyimbo adazolowera sagwira ntchito pamenepo.

Pali njira ina yachidule imene ena akuchita, yoikamo Windows 11 mokakamiza pamakina osaloledwa. Zimatheka ndithu, koma Microsoft idachenjeza kuti siikulonjeza kutumiza zigamba kumakina otere. Choipa kwambiri n'chakuti njirayi imabisa zaka za kompyuta. Wogula akaona Windows 11 pagalasi amakhulupirira kuti makinawo ndi atsopano. Choncho wogula aliyense, ngakhale wachibale amene akusankha laputopu ku Johannesburg, ayang'ane nambala ya purosesa. Ya i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu ndipo ikuloledwa, pomwe ya i5-6300U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi ndipo siikuloledwa. Safunsa adadya phula.

Komabe si bwino kuti mtolo wonse usiyidwe pamutu pa wogula. Bungwe la MACRA, limene lili ndi udindo pa chitetezo cha pa intaneti potengera lamulo la 2016, likhoza kufalitsa uthengawu m'Chichewa ndi m'Chiyao pamawailesi a m'madera. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda la CFTC likhoza kuonetsetsa kuti ogulitsa akunena poyera ngati makina angalandire Windows 11. Nalo bungwe la zachilengedwe la MEPA liyenera kukhala tcheru, chifukwa makina akafa mabatire ndi zitsulo zake zidzathera m'nthaka ya m'boma limene madzi ake amatsikira ku Nyanja ya Malawi ndi ya Malombe.

Kompyuta yakale si yotaya, ndipo palibe chifukwa choti banja la ku Namwera ligulitse mbuzi kuti ligule yatsopano. Chofunika n'chakuti mwini wake adziwe makina amene ali nawo, asankhe imodzi mwa njira zitatuzi, ndipo achite zimenezo mosachedwa.