Mapu a Phiri la Mulanje

Phiri la Mulanje ndilo lalitali koposa mapiri onse a m'Malaŵi. Nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila imayambira m'phirili.

Anthu ambiri amayesa kuti mapu a phiri lotere ndi a alendo odzakwera phiri okha. Maganizo ameneŵa ndi olakwika. Amene ayenera kuwadziŵa koposa ndi anthu okhala m'tsinde mwa phirilo.

Kale akatswiri oyeza malo ankakwera pa nsonga zazitali atasenza zipangizo zao. Pambuyo pake anayamba kujambula phiri ali m'ndege. Akatero amalemba pa mapu timizere tokhotakhota, ndipo kamzere kalikonse kamalumikiza malo okwera mofanana. Pamene timizereto tatalikirana, malowo ndi otsetsereka pang'ono. Pamene tathithikana, pali phompho.

Munthu wodziŵa kuŵerenga timizereti amaona ngozi isanafike. M'chaka cha 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi, kumpoto kwa Mulanje, nakokolola anthu ndi nyumba ku Phalombe. M'chaka cha 2023 namondwe wotchedwa Freddy anadzetsanso tsoka lotero m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Madzi satsika m'phiri mwachisawawa ayi. Amatsata zigwa, ndipo zigwazo zimaoneka pa mapu. Mudzi wozindikira zimenezi sumanga nyumba pamene chigwa chimatulukira. Sudulanso mitengo pa malo otsetsereka, pakuti mizu ndiyo imagwira nthaka.

Komabe pali zina zimene chithunzi cha ndege sichinganene. Sichidziŵa dzina la dziŵe, ngakhale njira imene anthu amasokerapo chifunga cha chiperoni chikakuta phiri. Odziŵa zimenezi ndi akuluakulu a m'midzi. Nchifukwa chake woyeza malo ayenera kukhala nao pansi ndi kuwafunsa, pokumbukira mwambi uja wakuti safunsa anadya phula.

Mwana wa sukulu aliyense aphunzire kuŵerenga mapu monga aŵerengera buku. Nzeru imeneyi idzateteza nkhalango, ndipo tsiku lina idzapulumutsa mudzi wake.

Mafunso

1. Tchulani mitsinje itatu yoyambira m'phiri la Mulanje.
2. Kodi timizere tothithikana pa mapu timasonyeza chiyani?
3. Nchifukwa ninji woyeza malo ayenera kufunsa akuluakulu?