Chigubu cha Petulo Kuseri kwa Bedi Si Kukonzeka

Pali khalidwe lina loipa limene lamera mizu m'matauni mwathu, ndipo eni ake akulitcha dzina lokoma lakuti kukonzekera ngozi. Mphekesera ikangomveka yakuti mafuta asowa, bambo wolemekezeka amasiya anthu ali pa mzere mu ofesi, nathamangira kukadzaza zigubu za petulo zimene akazibisa kuseri kwa bedi, m'nyumba momwe mukugona ana. Munthu wotereyu amadziyesa wochenjera. Ife tikuti ndi wodzikonda, ndiponso akuika banja lake pa moto.

Sitikutsutsa kuti mavuto alipo. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pamene pali makina a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira m'boma la Chikwawa, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kufikira m'chaka cha 2023. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera, nagwetsa mapolo ndi milatho. Mafuta nawonso amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Msewu ukaduka kapena ndalama zakunja zikachepa, mizere imayamba, monga tinaonera mu 2011 ndi mu 2022. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Tsono kukonzeka ndi udindo wa khomo lililonse. Funso ndi lakuti: kukonzeka kotani?

Tiyeni tiwerenge bwino. Jenereta yaing'ono imamwa pafupifupi lita imodzi ya petulo pa ola. Chigubu cha malita 20 chitha pasanapite sabata, ngakhale mwini wake aziyatsa madzulo okha. Vuto la Kapichira linatenga miyezi yoposa 12. Kodi bambo wathu uja akanabisa zigubu zingati? Kuonjezera apo, petulo akakhalitsa miyezi ingapo amaonongeka, ndipo amatseka timipaipi ta injini pa tsiku lomwe injiniyo ikufunika. Mpweya wake ndi wolemera, umayenda chapansi, ndipo ukakumana ndi kandulo kapena mbaula nyumba yonse imapsa m'kanthawi kochepa. Choipa koposa, wodzaza zigubu ndiye amatalikitsa mzere umene iye mwini akudandaula nawo. Lita imene wabisa ndi lita imene ambulansi yaisowa.

Ena amayankha kuti, "Ndalama ndi zanga, nyumba ndi yanga." Zoona, ndalama ndi zanu, bambo. Koma moto sufunsa malire a puloti, ndipo m'malo ngati Ndirande kapena Kawale denga lanu lagundana ndi la mnzanu.

Kukonzeka kwenikweni kumayamba ndi zinthu zing'onozing'ono. Pa tsiku la ngozi banja lifuna kuunika, kumva wailesi, kutchaja foni, kuphika ndi kumwa madzi abwino. Babu la LED la mawati 5 limawala pafupifupi ngati babu lakale la mawati 40. Motero sola yaing'ono ndi batire limodzi zikwanira kuyatsa mababu angapo ndi kutchaja mafoni, popanda kuima pa mzere uliwonse. Dzuwa silidzera pa doko la Beira. Dziko lenilenilo linazindikira zimenezi: ku Salima kuli sola za mamegawati 60 kuyambira mu 2021, ndipo ku Golomoti kuli za mamegawati 20 pamodzi ndi mabatire osungira mphamvu. Onjezerani tochi, wailesi ya mabatire, machesi osungidwa pouma, ndi madzi a masiku atatu m'zidebe zovundikira, popeza magetsi akazima mapampu a madzi nawo amaima. Zonsezi sizigulidwa mwezi umodzi, koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Amene ali ndi jenereta amve izi. Isayatsidwe m'nyumba, m'khonde lotsekedwa kapena pafupi ndi zenera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha chimodzimodzi. Isathiridwe mafuta idakali yotentha. Ndipo isalumikizidwe ku mawaya a nyumba popanda switchi yoyenera yoikidwa ndi mmisiri wovomerezeka. Kupanda kutero mphamvu imabwerera m'mawaya a ESCOM ndi kukapha wantchito amene wakwera polo kuti akubwezereni magetsi.

Pa zophikira, tisathawire ku makala okha. Mtengo uliwonse wogwetsedwa m'mapiri a Neno, Mwanza ndi Balaka umasanduka matope amene amakwirira madamu a pa Shire. Wogula thumba la makala osaloledwa chifukwa magetsi azima akuthandiza kuti adzazimenso. Gasi wa m'silinda, mabriketi ndi chitetezo mbaula zilipo.

Inu atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, inu ogwira ntchito m'Boma, anthu amayang'ana zochita zanu asanamve mawu anu. Mukaoneka ndi zigubu, mudzi wonse udzathamanga ndi zigubu. Yambani pa khomo panu mvula isanagwe: tulutsani petulo m'chipinda chogona, yesani tochi, dzazani zidebe, ndipo dziwani nkhalamba kapena wodwala wa pafupi nanu amene adzafune nyali yanu usiku umenewo.