Dandaulo la Anthu a M'mbali mwa Nyanja ku Ampara

Kwa inu akuluakulu a boma ndi a mabungwe amene munabwera kudzatipepesa,

Ife ndife asodzi, amayi oyanika nsomba, owomba nsalu ndi amasiye a m'boma la Ampara, kum'mawa kwa Sri Lanka. Paja chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wa Lamulungu, pa 26 Disembala 2004, chivomezi chinagwedeza pansi pa nyanja kufupi ndi Sumatra, ndipo patangopita maola ngati awiri mafunde a tsunami anali atalowa ku Kalmunai, Sainthamaruthu ndi Maruthamunai. Dziko lathu lonse linataya anthu oposa 30,000, ndipo Ampara ndiye anaika maliro ochuluka kuposa maboma onse. Za madziwo sitikuimba mlandu munthu aliyense. Chimene chatibweretsa pamaso panu ndi zimene zinachitika madzi ataphwa.

Misozi isanaume, munalamula kuti pasapezeke womanga nyumba pafupi ndi nyanja: mamita 100 kummwera ndi kumadzulo, koma kwathu kuno ndi kumpoto mamita 200. Amene anajambula malire amenewa akanaponda ku Kalmunai, akanaona kuti timakhala mothinana pakamtunda kopapatiza, nyanja kumaso, madambo ndi minda ya mpunga kumbuyo. Mukadulapo mamita 200, munthu alowere kuti? Chowawa kwambiri n'chakuti pamene ife tinaletsedwa ngakhale kuzika mzati pabwinja la makolo athu, eni mahotela analoledwa kukonza malo awo pamchenga pomwepo. Kodi mafunde amasankha? Chakumapeto kwa 2005 munawachepetsa malirewo, koma apo n'kuti titapsa kwa miyezi yambiri m'matenti ndi m'zisakasa zamalata, ana akutuluka zidzolo, mabanja angapo akulimbirana chimbudzi chimodzi.

Amene malo awo anali kunja kwa malire anauzidwa kuti adzimangire okha: marupi 250,000 ngati nyumba inagweratu, 100,000 ngati inangowonongeka. Ndalamazo zinkabwera m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chinkadikira kuti wina abwere kudzayendera ndi kusaina. Pakali pano gombe lonse linali kumanga nthawi imodzi. Simenti inakwera, mchenga unakwera, amisiri anayamba kutchula mtengo umene afuna. Nyumba zambiri zinathera m'mawindo, denga kulibe, eni ake ali kale m'ngongole.

Enafe tinauzidwa kudikira nyumba zomangidwa ndi mabungwe kumtunda. Sitikunyoza mphatso ayi, ndipo ena mwa ife akugona pabwino lero chifukwa cha anthu achifundo amene sitidzawaona n'komwe. Koma ndani anatifunsa? Msodzi sadzutsidwa ndi wotchi. Amatuluka panja usiku, kumvetsera mphepo, kuyang'ana mafunde, n'kudziwa ngati lero kuli kolowa m'madzi. Khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. Nsomba zikaonekera, mudzi wonse uyenera kukhala pafupi kuti uthamangire chingwe. Injini ndi maukonde sungazisiye pagombe wekha n'kukagona makilomita angapo kutali. Mayi woyanika nsomba ayanikire pati m'mudzi wa nyumba zondondozana, wopanda bwalo? Ndalama yokwerera basi kupita kunyanja ndi kubwerako inkadya phindu la tsikulo. N'chifukwa chake munaona ena akukhoma nyumba zatsopano n'kubwerera kukamanga zisakasa pamchenga. Munati ndife osayamika. Ife timati mwana sadya khoma.

Pali nkhani ina imene amayi athu atituma kuti tisaibise. Kuno kum'mawa, kwa Asilamu ndi kwa Atamil omwe, ukwati wathu ndi wachikamwini. Nyumba ndi ya mkazi, anailandira kwa mayi ake, ndipo adzaisiyira mwana wake wamkazi pokwatiwa. Koma olemba maina atafika, anafunsa kuti, "Mutu wa banja ndani?" N'kulemba mwamuna. Motero mayi amene nyumba yake inakokoloka anapezeka akukhala m'nyumba yolembedwa dzina la mkamwini. Banja likasokonekera mawa, atuluke ndani? Ndipo popeza lamulo linali lakuti nyumba imodzi yogwa ibwezedwe ndi imodzi, mabanja awiri kapena atatu amene ankakhala pansi pa denga limodzi anapanikizidwa m'tizipinda tiwiri. Amene ankachita lendi, ndi amene analibe mapepala a malo, anavutika kuti maina awo alowe m'kaundula.

Kummwera, ku Hambantota, nyumba zinamangidwa mwachangu mpaka kuposa zimene zinagwa. Kwathu kuno, kumene kunafa anthu ambiri, ntchito inkakwawa, ndipo nkhondo yapachiweniweni itabukanso mu 2006 zinthu zinangoipiraipira.

Tsono bwerani ku Norochcholai, kufupi ndi Akkaraipattu, mudzaone nokha. Kumeneko kuli nyumba 500 zimene zinamangidwa ndi ndalama zochokera ku Saudi Arabia kuti mulowe anthu amene tsunami inawasiya pamtetete. Nkhani ya kagawidwe kake inakafika kukhoti, ndipo mu 2009 chigamulo chinati zisaperekedwe kwa anthu a mtundu umodzi wokha. Chabwino, gawani mwachilungamo! Koma m'malo mogawa, munangozisiya. Zaka zoposa khumi zinadutsa zitseko zili chitsekere, tchire likumera m'makonde, pamene ana amene anabadwira m'zisakasa akula mpaka kufika pokwatira.

Tikupempha kuti nyumba zimenezi zikonzedwe ndi kupatsidwa anthu, mndandanda wa olandira uwerengedwe poyera, pamsonkhano wa mudzi. Mapepala a nyumba zimene zinali za amayi alembedwenso m'maina a amayiwo. Ndipo kwa amene munatisamutsira kumtunda, tipatseni malo pagombe oti timangepo mosungira injini ndi maukonde, pokhala ndi loko ndi mlonda wosankhidwa ndi ife eni.

Ndife anthu anu,
Okhala m'mbali mwa nyanja, Ampara