Anthu Afunsidwe Ciboliboli Cikali Dongo

Pa limodzi la mapiri awiri ochedwa Mamelles, m'dera la Ouakam mu mzinda wa Dakar ku Senegal, paimirira ciboliboli ca mkuwa cimene msinkhu wace ndi mamita pafupi-fupi 50. Pali mwamuna, mkazi ndi mwana. Mwamunayo wakweza mwana pa mkono wace, ndipo mwanayo aloza cala ku nyanja yaikulu ya Atlantic. Cinatsegulidwa pa 3 April 2010, mawa lace dzikolo likumbukira zaka 50 za ufulu wodzilamulira. Atsogoleri a maiko ambiri a mu Africa anafika pa mwambowo, ndipo pakati pao panali malemu Bingu wa Mutharika a ku Malawi, amene caka cimeneco anali wapampando wa bungwe la African Union. Tsiku lomwelo, m'miseu ina ya mzindawo, khamu lalikulu la anthu linali pa ulendo wosonyeza kuti cinthuco silicifuna, apolisi ali pambali.

Nkhani imeneyi iyenera kukumbukika kwa ali yense amene apatsidwa udindo wosunga ndalama za anthu. Akulu-akulu ena akamva anthu wamba ali kudandaula za ciboliboli, amafulumira kunena kuti anthuwo sadziwa za luso, kapena kuti acita kutumidwa ndi otsutsa Boma. Kuganiza kotere nkulakwa. Mlatho ungakhale wonyansa m'maso, koma magalimoto akamaoloka bwino, wagwira nchito yace. Cipatala cingapakidwe utoto woipa, odwala nacira ndithu. Ciboliboli ciribe nchito yina koma kuonedwa. Sicitunga madzi, sicipera cimanga, ndipo mthunzi wace sukwanira ndi msika womwe. Eni dziko akaciyang'ana napukusa mitu, ndalama zonse zapita pacabe, ngakhale mkuwa wace ulimbe motani. Cifukwa cace munthu amene afunsa za mtengo ndi mnzace amene afunsa za maonekedwe, onse awiri afunsa cinthu cimodzi: kodi cimene analipiraco acilandira?

Mtengo umene unamveka wa ciboliboli ca ku Dakar ndi madola a ku America mamiliyoni 27. Amene anacipanga ndi amisiri a kampani ya Mansudae ya Boma la North Korea, imene yamanga zipilala ndi ziboliboli m'maiko angapo a mu Africa. Akulu a Boma anayesa kutonthoza anthu ponena kuti nchitoyo inalipiridwa ndi malo a Boma, osati ndi ndalama zocokera m'thumba la msonkho. Yankho lotere silinakhutiritse anthu ambiri, pakuti malo a mu mzinda waukulu ndi cuma ca mtundu wonse, ndipo akapita sabweranso. Tsono nthawi yace inali yoipa. M'caka ca 2009 madzi osefukira anamiza nyumba zambiri m'makomboni a Pikine ndi Guédiawaye, magetsi anali kuzima kawiri-kawiri, ndipo zaka zocepa m'mbuyomo anyamata zikwi-zikwi anali atakwera mabwato a asodzi kulinga ku zisumbu za Canary kukafuna nchito, ambiri nafera m'nyanja. Mai amene agona m'nyumba yodzala madzi akakweza maso naona cimphona ca mkuwa pa phiri, nkobvuta kumuuza kuti asawerengere mtengo wace.

Cimene cinaonjeza moto ndi mau a Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Abdoulaye Wade, akuti popeza nzeru ya ciboliboliyo inacokera m'mutu mwao, iwo ayenera kulandira magawo 35 mwa magawo 100 ali onse a ndalama zimene alendo azilipira. Anafotokoza kuti gawo laolo lidzathandiza pa nchito za ana, koma anthu anali atamva kale cimene anamva. Cinthu cochedwa ca mtundu wonse, nanga bwanji cikhalanso ndi mwini wace?

A Wade anali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Mtundu wa anthu sukhala ndi nsima yokha. Umafuna malo okumbukirapo kumene unacokera, ndipo Africa, amene kwa zaka zambiri anadzala ndi ziboliboli za akazembe ndi asilikali a atsamunda, ali nao ufulu woimika zace. Ngati dziko liyembekeza kuti umphawi wonse uyambe watha, silidzamanga cikumbutso nciomodzi comwe. Ocirikiza nchitoyo ananyadiranso kuti ciboliboli cao caposa msinkhu wa Statue of Liberty ca ku New York, mukacotsako maziko ace. Koma pamenepo ndi pamene fanizo lao linawatembenukira. Ciboliboli ca ku New York cinapangidwa ndi ndalama zimene anthu a ku France anasonkha mwa kufuna kwao, ndipo ndalama za maziko zitapelewera m'caka ca 1885, nyuzipepala ya a Joseph Pulitzer inapempha owerenga kuti athandize. Anthu oposa 100,000 anatumiza, ambiri a iwo ndalama yosakwana dola imodzi. Munthu amene waponyapo khobidi lace amaciyesa cace cinthuco cisanaimirire nkomwe.

Pa maonekedwe, madandaulo ku Dakar anacokera mbali zosiyana, ndipo zina mwa mbalizo sizigwirizana pa nkhani zina zonse. Ku Senegal anthu oposa 9 mwa 10 ali onse ndi Asilamu, ndipo mashehe ambiri analalikira kuti cinthuco ndi fano, nadandaulanso kuti mkaziyo wabvala kansalu kosiya nchafu poyera. Amai omenyera ufulu wa akazi anaona cina: mwamuna ndiye ali pakati, wamphamvu, pamene mkazi acita ngati wokokedwa pambuyo. Odziwa za luso anati matupi ndi kaimidwe kace nza ziboliboli za ku Soviet Union, zosafanana ndi kasemedwe ka mu Africa, ndipo mmodzi wa amene anacitsutsa poyera ndi malemu Ousmane Sow, mmisiri wa ku Senegal komweko amene nchito zace zinachuka kufikira ku Paris. M'mwezi wa December 2009 a Wade, poyankha mashehe, anayerekeza ciboliboliyo ndi zifanizo za Yesu za m'machalichi. Akhristu nao anakwiya, ndipo acinyamata ao analimbana ndi apolisi mu Dakar, kufikira Pulezidenti anapepesa. Cipilala cimene cinayenera kusonyeza umodzi wa Africa cinatsala pang'ono kudanitsa zipembedzo m'dziko limene lidziwika ndi mtendere pakati pa Asilamu ndi Akhristu.

Panamveka ngakhale zoti miyendo ya mkaziyo iphimbidwe. Koma nsalu ya mkuwa siisokedwa kwa telala. Madandaulo onsewa anafika cinthu citaima kale pa phiri, ndipo apa ndipo pagona cilema ca nchito yonseyo. Akale anati kuongola mtengo mpoyamba. Mmisiri asanasungunule mkuwa amayamba waumba kacitsanzo ka dongo, kenaka cacikulu, napanga cikombole. Pa dongo, mphuno ingathe kucepetsedwa ndi cala, nsalu nkutalikitsidwa tsiku limodzi. Mkuwa ukathiridwa, kusintha kuli konse kufuna ndalama zina zambiri.

Zimene zinacitika ku Harare zisonyeza mbali yina ya nkhaniyi. Boma la Zimbabwe linaganiza zoimika ciboliboli ca Mbuya Nehanda, mai wa mizimu amene anatsogolera anthu pa nkhondo yoyamba yokana atsamunda, ndipo ananyongedwa m'caka ca 1898. Ca kumapeto kwa 2020, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa atapita kukaona nchito ya mmisiri David Mutasa, zithunzi zinafalikira ndipo anthu anadabwa. Anaona mtsikana wa nkhope yosalala ndi thupi lodzala, pamene cithunzi cimene mwana wa sukulu ali yense wa ku Zimbabwe adziwa, cojambulidwa ali m'manja mwa adani pamodzi ndi Sekuru Kaguvi, cionetsa mai woonda, wa nkhope ya masautso. Panali kuseka ndi kunyoza kwambiri, kwina kopitirira muyeso, pakuti mmisiriyo ndi munthu wa luso lodziwika. Komabe Boma linamva, nililamula kuti nchito ibwerezedwe. Cimene cinatsegulidwa pa 25 May 2021, pa mphambano ya miseu ya Samora Machel ndi Julius Nyerere, ndi caciwiri. Funso la mtengo silinathe, cifukwa imeneyo inali nthawi ya mliri wa Covid-19 ndipo zipatala zinali pa mabvuto, koma nkhope inakonzeka cifukwa anthu anaiona nthawi ikalipo. Cacisoni ncakuti anaiona mwamwai cabe, kupyolera m'zithunzi za ulendo wa Pulezidenti, popanda wina amene anakonza zowafunsa.

Pali ena amene amati mlandu wonse uli pa kulemba nchito amisiri akunja. M'mau amenewa muli coonadi, pakuti nkosamveka kuti dziko la Ousmane Sow likafune manja ku Pyongyang. Koma a Mutasa ndi mwana wa Zimbabwe, ndipo coyamba cao cinakanidwa. Ndiponso Freedom Statue ya pa Independence Avenue mu Lusaka, imene inaimikidwa m'caka ca 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu, inapangidwa ndi James Butler wa ku Britain. Ndi yaing'ono kutali poyerekeza ndi ya ku Dakar, koma munthu wodula unyolo uja anthu anamzindikira, cifukwa nkhani ya a Zanco Mpundu Mutembo ndi ya omangidwa ena a m'masiku a Cha Cha Cha inali ikali m'makutu mwao. Inasindikizidwa pa ndalama za pepala za Kwacha kwa zaka zambiri, ndipo pa 25 May ndi pa 24 October nkhata za maluwa zimaikidwa pamenepo.

Cofunika tsono nkuti Boma liri lonse, kapena khonsolo ya mzinda, ikafuna kuimika cinthu cacikulu cotere, iyambe yaika kacitsanzo ka dongo poyera, m'holo kapena pa bwalo pamene anthu apita, kwa milungu ingapo. A banja la munthu wokumbukidwayo, mafumu, azipembedzo ndi amisiri a m'dziko aone nanene. Mtengo wonse ukambidwe m'Nyumba ya Malamulo, pamodzi ndi wa maziko, wa miseu yofikako ndi wa kusamalira caka ndi caka, ndipo ngati malipiro ali malo kapena mphatso ya dziko lina, zimenezo zilembedwe poyera monga ndalama zina zonse. Sikuti ali yense adzakondwa. Luso losankhidwa ndi khamu nthawi zina limatuluka lozizira, lopanda mcere, ndipo mmisiri ayenera kusiyiridwa mpata wace. Koma dandaulo limene limveka m'holo liribe mtengo woposa wa dongo ndi masiku ocepa a mmisiri.

A Wade anagonja pa masankho a 2012 kwa a Macky Sall, pa zifukwa zambiri zimene cacikulu cinali kufuna kwao kulamulira kacitatu. Ciboliboli cao cikali pa phiri. Alendo amakwera masitepe ace aatali, ena nalowa m'kati kukwera kufikira ku mutu wa mwamunayo kuti akaone mzinda ndi nyanja, ndipo ana a sukulu amajambulitsa zithunzi patsinde pace.