Mau a Ophunzira Akhale Amodzi

Kholo la kwa Mphuka likagulitsa nsomba zouma, mphasa ndi mbuzi kuti mwana akwere basi ya ku Lusaka, ciyembekezo cake ndi cakuti mwanayo adzabwere ndi digiri. Koma kumeneko mwana wa kumudzi alibe malume womulankhulira. Ndalama za ngongole ya maphunziro zikacedwa, kapena malo ogona akasowa, womuimirira ndi bungwe la ophunzira.

Pa Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, bungwelo ndi UNZASU, ndipo atsogoleri ake amasankhidwa ndi ophunzira eni ake. Ku Kitwe, pa Copperbelt University ya m'caka ca 1987, kuli COBUSU. Bungwe la ZANASU ndilo limasonkhanitsa mabungwe otere m'dziko lonse.

Mbiri ikutionetsa mphamvu yao ndiponso mtengo wake. M'caka ca 1971 ophunzira anaguba kupita ku ofesi ya kazembe wa France kukatsutsa zopatsa boma la tsankho la South Africa ndege za nkhondo. Anthu a ku Kavalamanja, amene analawa moto wa asilikali a Rhodesia m'caka ca 1978, adziwa kuti nkhawayo inali yoona. Komabe sukulu inatsekedwa caka cimeneco ca 1971, ndiponso m'caka ca 1976 pa nkhani ya Angola. M'mwezi wa Okutobala 2018 mtsikana wophunzira anataya moyo pa cipolowe ca ndalama za cakudya. Ndalamazo zinacotsedwa m'caka ca 2019, ndipo zinabwezedwa m'caka ca 2023.

Sukulu ikatsekedwa, mwana wa mu Lusaka amafika kwao tsiku lomwelo. Wa ku Luangwa amasowa ndi ya basi yomwe, ndipo miyezi yotayikayo amalipira ndi kholo.

Cifukwa cake ife tikuti mabungwewa agwirizane. Ophunzira za udokotala ku Ridgeway, anzao a ku Great East Road ndi a ku Kitwe ayenera kuyamba amvana okhaokha, kenaka n'kutula madandaulo ao pamodzi kwa akuluakulu a sukulu ndi kwa nduna. Mutu umodzi susenza denga. Mtsogoleri wolandira ndalama ku cipani ca ndale, kaya colamula kaya cotsutsa, wagulitsa anzake amene anamusankha. Nawo akuluakulu a sukulu ndi a Boma asadikire kuti miyala iyambe kuuluka pa mseu ndipo aitane ophunzira ku zokambirana.

Inu makolo, mwana akabwera pa chuti mufunseni ngati anaponya voti posankha atsogoleri a bungwe lake, ndiponso ngati amafika pa misonkhano. Ana a kumidzi akamakhala cete, mavuto ao a malo ogona ndi cakudya sadzakhala oyamba kukambidwa.