Kumwetulira sikutembenuza wodwala

Ayambanso. Ikangomveka nkhani ya wodwala amene wafa mosayenera m'chipatala cha boma, akuluakulu amathamangira atolankhani ndi yankho lomwe lija: anamwino athu asinthe kaganizidwe. Ulendo unonso atero, ndipo mankhwala ake tikuwadziwa kale. Anamwino angapo awatengera ku hotela ya kunyanja, akaphunzire kulonjera odwala ndi nkhope yowala, alandire alawansi, ajambulitse, abwerere. Wodi aipeza momwe anaisiyira: ena pabedi, ena pansi, ena m'khonde, namwino wausiku mmodzi.

Kodi mwa akuluakuluwa alipo amene amadziwa ntchito imene namwino amagwira ndi manja ake? Munthu wa sitiroko amene sangathe kudzisuntha amafunika kumutembenuza pa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Mukapanda kutero, magazi safika pamene thupi latsamira, m'chiuno, m'matako ndi kuzidendene, ndipo chilonda chikamadzaonekera kunja chimakhala chitadya kale mnofu. Yemweyo pomudyetsa mumamukhazika tsonga, mutayamba mwaona ngati akutha kumeza. Mukamuthira phala chogona limalowera m'mapapo, pakapita masiku n'kumva kuti watisiya ndi chibayo. Mayi amene wangochira amafunika wina womugwira pamimba pafupipafupi m'maola oyambirira, kuona ngati chiberekero chalimba, chifukwa magazi akayamba kutayika sadikira kuti kuche. Mwana wa zaka ziwiri akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi, chibayo chili pafupi, koma kuti mudziwe zimenezo muyenera kuima pambali pake mphindi yathunthu, maso pachifuwa, mukuwerenga.

Zonsezi zimafuna manja ndi nthawi. Kumwetulira sikutembenuza wodwala. Munthu wamkulu amatembenuzidwa bwino ndi anthu awiri. Tsono wausiku mmodzi uja, amene akugawa mankhwala, kuika dripi, kulandira wobwera pa ambulansi ndi kulemba mafayilo, mnzake amutenga kuti?

Tonse tikudziwa amene akugwira ntchitoyi. Ndi gadiyani. Mayi wochokera kumudzi ndi kaphukusi kake, wogona pa simenti, wophikira pa mafuwa kuseri kwa chipatala. Ndiye amasambitsa wodwala, kumudyetsa, kutaya zoipa ndi manja opanda magolovesi, kuyang'anira dripi ndi kuthamanga kukagogoda ikatha. Palibe anamuuzapo za maola awiri, palibe anamuonetsapo kakhazikidwe ka munthu wovutika kumeza. Unamwino weniweni tinausiya m'manja mwa munthu amene sitinamuphunzitse ndipo sitimulipira, yemweyo adokotala akamalowa timamukuwira kuti "magadiyani panja!" Wodwala akatuluka zilonda, ati achibale samasamala.

Ndiye pali gulu lina, la mawu okoma. Ati unamwino ndi mayitanidwe. Ati kale anamwino ankagwira ntchito ndi mtima, a lero angofuna ndalama ndi foni. Amakonda kutchula Florence Nightingale ndi nyali yake, maso atatsinzina ngati ali pa maliro. Akawerenge bwino. Mayiyo atafika ku chipatala cha asilikali ku Scutari mu 1854 anavuta akuluakulu a asilikali kufuna sopo, maburashi okolopera, malo ochapira zovala ndi chakudya chabwino, ndipo pambuyo pake anawachititsa manyazi ndi ziwerengero za akufa. Akanakhala kuno lero, omwewa akanamutcha wamwano n'kumusamutsira ku chipatala cha kumalire. Mayitanidwe amenewa, kodi amatulutsa madzi pa mpopi wouma? Amagula mabatire a makina a BP? Nanga bwanji a mayitanidwewo akangomva chizungulire, sabwera kudzagona pa wodi yathu ya anamwino oyitanidwa, m'malo mwake amakwera ndege wa ku India kapena ku South Africa? Kumeneko sakafunsa ngati namwino ali ndi mtima. Amakapeza namwino ali ndi odwala ochepa, belu likalira n'kubwera.

Anamwino amwano alipo, inde, ndipo wotukwana mayi pa nthawi yobereka achotsedwe lero lomwe. Koma muwachotse onse, muike angelo okhaokha, mngelo mmodzi pa wodi yodzaza sadzatembenuzabe aliyense pa maola awiri.

Chowawa n'chakuti manjawo alipo. Makoleji a boma ndi a mishoni amatulutsa anamwino chaka ndi chaka, ambiri ophunzitsidwa ndi misonkho yathu. Ali pakhomo, ena akugulitsa kaunjika, ena akudikira kuitanidwa pa ganyu wa lokamu amene ndalama yake imabwera itaiwalika. Ati palibe ndalama zowalembera ntchito. Za hotela ya kunyanja zilipo. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo lonjezolo timalikumbukira pa tsiku la zokamba basi.

Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo wayilesi inatilalikira kusamba m'manja m'mawa ndi madzulo. Uthenga wabwino. Koma namwino amayenera kusamba m'manja asanagwire wodwala ndi atamugwira, aliyense, tsiku lonse, ndipo m'zipatala zina madziwo ndi a m'ndowa imene gadiyani yemwe uja watunga kumjigo. Ameneyonso asinthe kaganizidwe?

Ndalama za msonkhano wa kunyanjawo zigule sopo, magolovesi ndi mabatire. Ali pakhomo aja alembedwe ntchito, tiyambire mawodi ausiku. Ndipo bwana amene adzanenenso za kaganizidwe, asanayankhule adzagwire kaye shifiti imodzi, kuyambira madzulo mpaka m'mawa, atiuze kuti watembenuza angati.